Masamba Opanda Nthambi: Kupenda Mazenera ndi Ma Tab a pa Browser

Mphunzitsi akalandira buku latsopano loti aphunzitsire ana, sathamangira kukaliwerenga m'kalasi tsiku lomwelo. Amayamba waliyang'ana bwino: ngati mitu yake yandandalikidwa mwa dongosolo, ngati zilembo zake zili zooneka, ndiponso ngati mwana angathe kupeza yekha tsamba limene wauzidwa. Amatero pakuti buku siliphunzitsa ndi mau ake okha, koma ndi mamangidwe ake omwe. Masiku ano kuwerenga kwambiri kwa wophunzira wa pa koleji kumachitikira pa kompyuta ndi pa foni, m'kati mwa pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti imene imatchedwa browser, monga Chrome, Firefox, Safari, Edge kapena Opera. Tsono ngati mamangidwe a buku ali oyenera kupendedwa, nkhope ya browser nayonso iyenera kupendedwa, makamaka kamzere kaja ka pamwamba pamene pamandanda ma tab.

Mlandu wake ndi uwu. Ma tab anadza kudzachiritsa nthenda ya mazenera ochuluka, ndipo anaichiritsadi. Koma pochita zimenezo anathothola masamba ku nthambi zake. Browser imasunga mokhulupirika zonse zimene munthu watsegula, koma siisunga chifukwa chimene anazitsegulira, ngakhale njira imene anadzera. Nkhani imeneyi ili yaikulu kwa iye amene mawa adzaimirira pamaso pa ana ndi kuwaphunzitsa kuwerenga.

Kumene mazenera anachokera

Makompyuta a kale anali kuonetsa mizere ya zilembo yokha, ntchito imodzi pa nthawi imodzi. M'chaka cha 1968 Douglas Engelbart anaonetsa khamu la akatswiri ku San Francisco sikirini yogawika m'zigawo, pamodzi ndi kachipangizo kolozera kamene lero kamatchedwa mausi. M'zaka za m'ma 1970 anthu a kampani ya Xerox ku Palo Alto, mmodzi wa iwo Alan Kay, anakonza mazenera otha kusanjikizana monga mapepala pa tebulo. Nzeru imeneyi inafika kwa anthu wamba ndi Macintosh mu 1984, ndipo mu 1985 Microsoft inatulutsa pulogalamu imene dzina lake lomwe linali la mazenera, Windows. Fanizo lonse linatengedwa ku ofesi: tebulo la kalaliki, mapepala ake, mafaelo ake, ndi dengu lake lotayamo zinyalala.

Browser yoyamba inalembedwa ndi Tim Berners-Lee mu 1990 ku CERN, pafupi ndi Geneva, ndipo iye anaitcha WorldWideWeb. M'menemo munthu akatsata linki, tsamba latsopano linali kutseguka m'zenera lakelake. Mosaic, imene inatuluka ku yunivesite ya Illinois mu 1993, ndi Netscape Navigator ya mu 1994, zinazoloweza anthu njira ina: tsamba latsopano linali kulowa m'malo mwa lakale m'zenera lomwelo, ndipo wofuna kubwerera anali kudina batani lobwerera m'mbuyo.

Njira ziwirizi zinali ndi vuto lake iliyonse. Wowerenga wa zenera limodzi anali kutaya malo ake nthawi zonse akatsata linki. Wowerenga wa mazenera ambiri anali kukwiririka nawo, pakuti lina linali kuphimba linzake, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 otsatsa malonda anaphunzira kutsegula mazenera awo osaitanidwa. Tebulo la kalaliki linasanduka bwalo losasesa.

Kubadwa kwa tab

Mau akuti tab ali a Chingerezi, ndipo nawonso anachokera ku ofesi. Amatanthauza kachidutswa kamene kamatulukira m'mphepete mwa faelo kapena khadi, kolembapo dzina, kuti kalaliki apeze chimene afuna osatulutsa mafaelo onse m'kabati. Akatswiri anaona kuti masamba ambiri angathe kukhala m'zenera limodzi, limodzi looneka ndi ena obisika kumbuyo, lililonse litatulutsa kadzina kake pamwamba.

Browser yotchedwa InternetWorks inali nawo ma tab mu 1994, ndipo NetCaptor ya Adam Stiles inawatsatira chakumapeto kwa zaka zomwezo. Opera inawalandira mu 2000, Mozilla mu 2001, Safari mu 2003. Koma imene inawatchukitsa zedi ndiyo Firefox ya mu 2004. Internet Explorer, imene pa nthawiyo inali m'manja mwa anthu ochuluka koposa, inachedwa kufikira mu 2006. Mu 2008 Google inatulutsa Chrome, nikweza ma tab kuwaika pamwamba penipeni, pamwamba pa malo olembamo adiresi. Firefox inatsata chitsanzo chimenecho mu 2011, ndipo kufikira lero nkhope ya ma browser ambiri a pa kompyuta ili yomweyo.

Zimene ziyenera kuyamikidwa

Wopenda wachilungamo ayamba ndi zokoma. Choyamba, tab inalola munthu kutsegula linki kumbuyo osachoka pa tsamba limene ali kuwerenga. Ichi chinali chinthu chachikulu, pakuti wowerenga angathe kumaliza ndime yake mwamtendere, podziwa kuti chimene chinamukopa chili kumudikira.

Chachiwiri, kukweza ma tab pamwamba kunanena zoona za chinthucho. Adiresi ndi batani lobwerera m'mbuyo sizili za zenera lonse, koma za tab imodziyo imene yatseguka; chifukwa chake kunali koyenera kuti zikhale pansi pa dzina la mwini wake, monga ndime zikhala pansi pa mutu wake. Chrome inapatulanso ntchito za ma tab m'kati mwa makina, kotero kuti kawirikawiri tsamba limodzi likafa, ena satsagana nalo.

Chachitatu chili m'tinthu tating'ono. Katswiri wa ku America, Paul Fitts, anaonetsa mu 1954 kuti dzanja limachedwa kufika pa chinthu monga momwe chinthucho chili kutali ndi momwe chili chaching'ono. Okonza Chrome anasamala lamulo limeneli. Munthu akatseka tab ndi mausi, ma tab otsala satambasuka msanga. Amadikira kufikira dzanja litachoka, kuti kamtanda kotsekera tab yotsatira kagwere pansi pa cholozera pomwepo. Ndiponso wotseka molakwa ali ndi pothawira: pa Windows akadina Ctrl, Shift ndi T pamodzi, tab ija imabwerera. Chipangizo chokhululukira wolakwa chili choyenera ana a sukulu.

Cholakwa choyamba: maina odulidwa

Ntchito yonse ya kachidutswa ka pa faelo ili kuonetsa dzina. Koma mau amalembedwa chopingasa, ndipo ma tab nawonso anandandalikidwa chopingasa. Tsono tab iliyonse yatsopano imadya malo a dzina la inzake. Akakhala asanu, maina awo amawerengeka. Akachuluka, Chrome imawafinya kufikira patatsala tizithunzi tokha, pamene Firefox imaleka kuwafinya pa muyeso wina, nibisa otsalawo kuseri kwa m'mphepete. Njira zonse ziwiri zifika pamodzi: munthu ali ndi masamba amene sangathe kuwatchula.

Kwa wowerenga Chichewa cholakwa chimenechi chili chachikulu koposa. Browser imadula dzina kumapeto nisiya chiyambi, koma m'chinenero chino aphatikiri amatsogolera tsinde, ndipo kawirikawiri mau osiyanitsa nkhani amadza pambuyo. Masamba atatu a mitu yakuti "Kaphunzitsidwe ka masamu", "Kaphunzitsidwe ka Chichewa" ndi "Kaphunzitsidwe ka zaulimi" akafinyidwa, onse atatu amangoti "Kaphu". Amene anakonza kamzereka sanayese ntchito yawo ndi zinenero za mtundu umenewu, kapena ngati anayesa, chipatso chake sichioneka. Aphunzitsi amene adzalemba masamba m'Chichewa achita bwino kutsogoza mau osiyanitsawo, monga "Masamu: kaphunzitsidwe kake".

Cholakwa chachiwiri: masamba opanda nthambi

Ichi ndicho cholakwa chachikulu. Wophunzira ali kukonza phunziro la Nyanja ya Malawi. Atsegula tsamba la nyanjayo; m'menemo aona chambo, natsegula tab; pa tsamba la chambo aona Nyanja ya Malombe, natsegula ina; kuchoka apo atsegula ya mtsinje wa Shire, ndipo ya Shire imubalira ziwiri, ya magetsi a ku Nkula ndi ya Zambezi. Pamene ali kuchita zimenezi, m'mutu mwake muli mtengo: nyanja ndiyo thunthu, nsomba ndi nthambi ina, mtsinje ndi nthambi ina. Koma pa sikirini palibe mtengo. Pali mzere umodzi wa tizidutswa tofanana msinkhu, ndipo palibe chosonyeza kuti mayi ndi uti, mwana ndi uti. Inde, browser imayesa kuika tab yatsopano pafupi ndi imene yaibala. Koma kukhala pafupi sindiko kunena ubale. Ndiponso m'ma browser ambiri a pa kompyuta, batani lobwerera m'mbuyo limakhala lakufa m'tab yatsopano, pakuti tab iliyonse imayamba mbiri yakeyake.

Wophunzira uja akadzuka m'mawa, mtengo wa m'mutu wafota, ndipo chimene chatsala ndi mulu wa masamba. Aona tsamba la Nkula, nadabwa kuti magetsi analowa bwanji m'phunziro la nyanja.

Cholakwa chimenechi chikula pamene chiyerekezedwa ndi loto la oyamba. Mu 1945 Vannevar Bush analemba za makina a m'maganizo ake otchedwa memex, ndipo chimene iye anachiyesa cha mtengo wapatali m'makinawo sichinali kuchuluka kwa masamba, koma njira imene wowerenga amalambula pakati pawo, yoti isungike ndi kupatsidwa kwa mnzake. Kamzere ka ma tab kanasunga masamba, nikataya njira. Komatu m'maphunziro njirayo ndiyo nzeru. Mwana amene adziwa mfundo khumi zosalumikizana sanaphunzire. Waphunzira ndi iye amene angathe kunena momwe iyi inabalira iyo.

Cholakwa chachitatu: kutsegula kwapafupi, kutseka kovuta

Kutsegula tab sikufuna kuganiza, koma kuitseka kufuna chiweruzo, pakuti wotseka ayenera kuvomera kuti wathana nalo tsambalo. Ofufuza a ku yunivesite ya Carnegie Mellon anafalitsa mu 2021 zimene anapeza pofunsa anthu za ma tab awo: ambiri anali kuwasiya otseguka monga zikumbutso za ntchito, poopa kuti chimene chachoka pamaso chidzaiwalika, ngakhale kuti kuchuluka kwake kunali kuwalemetsa. Chotero kachidutswa kamodzi kasenzetsedwa ntchito zitatu: kukhala tsamba lowerenga tsopano, kukhala chikumbutso cha mawa, ndi kukhala mosungira. Browser siisiyanitsa zitatuzi pa maonekedwe.

Pa foni, imene ili khomo la intaneti la ophunzira ambiri, zinthu zinyanya. Kamzere kaja kalibe malo. M'malo mwake muli kabokosi konena nambala ya ma tab, ndipo iwo eni ali obisika. Amachuluka mwini wake osadziwa. Chrome ya pa Android, nambala ikapitirira 99, imaleka kuwerenga niika kankhope koseka. Nthabwala imeneyi ili yokoma, koma ili chivomerezo chakuti omanga anataya mtima wothandiza. Pa kompyuta ma tab ochuluka amadya mphamvu ya makina ndi batire, ndipo pa makina akale kapena obwerekana ichi chimamveka msanga. Chakumapeto kwa 2022 Chrome inalengeza njira yogoneka ma tab osagwiritsidwa ntchito. Mankhwala amenewa amapeputsa makina, koma samasula mutu wa wowerenga. Akuluakulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo kamzere ka ma tab kamangidwa monga mtengo wa pusi ameneyo.

Mankhwala amene ayesedwa

Omanga sanakhale chete. Firefox inayesa kuunjika ma tab m'magulu mu 2011, nichotsa njirayo mu 2016 poona kuti oigwiritsa ntchito anali owerengeka. Inabwezanso magulu mwa mtundu wina mu 2025. Chrome inayamba magulu okhala ndi dzina ndi mtundu wake mu 2020. Edge inalola kundandalika ma tab chotsika m'mbali mwa zenera mu 2021, ndipo Firefox inachita chomwecho mu 2025. Palinso chowonjezera cha Firefox chotchedwa Tree Style Tab, chimene chimaika tab iliyonse pansi pa imene inaibala, italowa m'kati pang'ono.

Pa mankhwala onsewa, kundandalika chotsika kuchiritsa maina odulidwa, pakuti dzina lililonse lilandira mzere wake monga m'kaundula wa m'kalasi. Mtengo wa Tree Style Tab ndiwo wokha uchiritsa kusowa kwa nthambi, ndipo n'zodandaulitsa kuti nzeru imeneyi ikhalabe ya ofunafuna okha. Magulu ali abwino, koma afuna kuti munthu aime ndi kutcha dzina, ndipo kutcha dzina ndiyo ntchito imene wothamanga amaithawa.

Zenera nalonso liyenera kubwezeredwa ulemu wake. Tab mwa chibadwa chake imaonetsa tsamba limodzi nibisa ena, chotero siithandiza woyerekeza zinthu ziwiri. Wofuna kulinganiza nthano ya m'Chichewa ndi kumasulira kwake kwa m'Chingerezi achita bwino kukoka tab imodzi kuitulutsa, kuti ikhale zenera lakelake, ndi kuika awiriwo pambali ndi pambali. Ma browser ena, monga Vivaldi ndi Edge, aika njira yogawa zenera pawiri. Potero avomera kuti chimene tab inachotsa chinali chofunika.

Za maina a zinthu izi m'Chichewa

Popeza mwana amagwira chinthu monga momwe dzina lake lamuuzira, maina ayenera kusankhidwa mosamala. Mau akuti zenera ali a kale m'chinenero chino, ngakhale anabwerekedwa ku Chipwitikizi, kumene amati janela. Ena amati windo, kutsata Chingerezi. Onse awiri ali omveka, ndipo fanizo lake lili loona: munthu amasuzumira pa zenera naona za kutali. Mau akuti tsamba akhazikika bwino, pakuti analikugwira kale ntchito ziwiri, ya pa mtengo ndi ya m'buku.

Dzina lakuti browser lili ndi phunziro lake. M'Chingerezi mneni wake poyamba anali kunena za nyama yonga mbuzi, imene imadya nsonga za masamba apa ndi apo, osamaliza chitsamba chilichonse. Ena polemba m'Chichewa amati msakatuli. Dzina limeneli lili ndi ubwino wake, pakuti wosakatula ali ndi chimene ali kufuna, pamene mbuzi ingotsata pakamwa pake.

Tab ilibe dzina lokhazikika m'Chichewa. Kuitcha tsamba kungasokoneze ana, chifukwa m'tab imodzi mungathe kudutsa masamba ambiri motsatana. Kabati ya mafaelo ana ambiri sanaione. Koma aona kapepala kotulukira m'buku la nyimbo kapena m'kaundula wa aphunzitsi, kosonyeza pamene munthu afuna kutsegula msanga. Fanizo limenelo likwanira pofotokoza, ndipo dzina lidzabadwa pakamwa pa anthu monga anabadwira maina ena. Chofunika koposa ndicho kusiyanitsa tab ndi bookmark, chizindikiro chija chosungira adiresi ya tsamba. Tab ili ngati lichero, bookmark ili ngati nkhokwe. Pa lichero pamakhala chimene chili kupetedwa tsopano, ndipo madzulo limakhutulidwa. Mayi wosunga dzinthu za chaka chonse m'malichero akanasowa popondapo m'nyumba mwake.

Chotsalira mphunzitsi

Chiweruzo chake ndi ichi: kamzere ka ma tab kali ntchito yaluso m'tinthu tating'ono, koma yoperewera pa chinthu chachikulu. Kamatumikira dzanja bwino koposa momwe kamatumikirira maganizo. Kufikira omanga atakonza, chosowacho chiyenera kuchokera kwa wowerenga, ndipo wowerenga amaumbidwa ku pulayimale.

Chifukwa chake mphunzitsi ayambe ndi iye mwini. Asanatsegule browser alembe m'kope funso limene afuna kuyankha, pakuti funsolo ndilo thunthu. Phunziro lililonse likhale ndi zenera lake kapena gulu lake lotchedwa dzina, kuti za masamu zisasakanizike ndi za nyanja. Potsata linki alembe mzere umodzi wonena kumene wachokera ndi chimene chamutengera kumeneko. Pomaliza aweruze tab iliyonse: chofunika lero chilowe m'kope, chofunika m'tsogolo chilowe mu bookmark, chotsala chitsekedwe.

Mwambo umenewu ungathe kuphunzitsidwa ngakhale pa sukulu yopanda kompyuta. Ana akawerenga nkhani, ajambule pa bolodi mtengo wake, mfundo yaikulu pa thunthu ndi zing'onozing'ono pa nthambi, ndipo anene momwe iliyonse yamerera pa inzake. Mwana wozolowera chotero, tsiku limene adzagwira foni kapena kompyuta, adzaona yekha chimene chikusowa pa kamzere kaja, ndipo adzadziwa tsamba loyenera kusunga ndi loyenera kutseka.